Funso Loti "Kwanu N'kuti?" ku Blantyre ndi Kutsidya kwa Malire

Mu mzinda wa Blantyre n'kovuta kucheza ndi munthu amene mwangodziwana naye kwa nthawi yotalikirapo popanda iye kukufunsani kuti kwanu n'kuti. Funsoli limabwera pa chinkhoswe, pa maliro, m'minibasi, ngakhalenso pakhomo pa mwini nyumba pamene mukufunafuna malo a lendi. Mukayankha kuti mumakhala ku Ndirande kapena ku Bangwe, wofunsayo amamwetulira n'kunena kuti, "Ayi achimwene, ndikunena kwanu kwenikweni," ndipo apa ndiye kuti akufuna kumva boma, mfumu yaikulu ndi mudzi, kuti aziwerengera yekha chamumtima ngati ndinu Mlhomwe, Myao, Msena kapena Mtumbuka.

Funsoli silinabadwe ndi mtima woipa. Makolo athu ankafunsa mlendo mudzi ndi mfunda wake kuti adziwe mmene angamulemekezere, kuti apeze chibale ngati chilipo, komanso kuti achinyamata asakwatirane pachibale mosadziwa. Blantyre nayenso ndi mzinda wa obwera kuyambira pamene mishoni ya ku Scotland inakhazikitsidwa mu 1876, choncho kufunsana kumudzi kwakhala njira yopezera anzako pakati pa anthu achilendo. Chimene chinalemeretsa funsoli ndi mbiri yathu ya pambuyo pa ufulu. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi, mu 1989 aphunzitsi analamulidwa kubwerera kukaphunzitsa m'zigawo za kwawo, ndipo chisankho cha 1994 chinagawa dziko patatu, kummwera kwa a Muluzi, pakati kwa a Kamuzu Banda ndi kumpoto kwa a Chihana. Ndondomeko ya kota yosankhira ophunzira ku yunivesite potengera boma lochokera, imene inabwereranso mu 2009 n'kudzathetsedwa mu 2020, inaphunzitsa mbadwo wonse kuti dzina la boma lako likhoza kukutsegulira kapena kukutsekera khomo. Munthu amene anakulira m'nyengo zimenezi sangamve funso la kwawo ngati moni wamba.

Pali anthu amene funsoli limawapweteka kuposa ena, ndipo ku Blantyre ndi ambiri. Mwana amene bambo ake ndi Mtumbuka ndipo mayi ake ndi Mlhomwe ali ndi kwawo kuwiri, chifukwa Atumbuka amatsata kuchimuna pamene Alhomwe amatsata kuchikazi. Koma zikatembenuka, bambo n'kukhala Mlhomwe mayi Mtumbuka, mwambo wa mbali iliyonse umamuloza mwanayo mbali inayo, ndipo iye, amene mwina anabadwira ku Chilomoni ndipo salankhula chilankhulo china kupatula Chichewa cha m'tauni, amayenera kufotokoza banja lake lonse kwa munthu amene wangokumana naye pa mzere wa ku banki. Chimodzimodzinso Amalawi a makolo achimwenye a ku Limbe, amene agogo awo anabadwira konkuno ndipo m'zaka za m'ma 1970 anachotsedwa m'midzi n'kuuzidwa kuti azichita malonda m'mizinda yokha, komanso ana obadwa kwa makolo osiyana khungu. Iwowa amafunsidwa kuti anaphunzira kuti Chichewa, ngati kuti chilankhulo cha dziko lawo anachibwereka. Gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko limaletsa tsankho lotengera mtundu, khungu, chilankhulo kapena kochokera, koma lamulolo silifika pa mkeka wa pa maliro.

Mwa maiko atatu amene tinachita nawo malire, Tanzania ndi amene anayesetsa kwambiri kuchotsa phindu pa yankho la funsoli. Dzikolo lili ndi mitundu yoposa 120, ndipo Julius Nyerere, amene anachokera ku mtundu waung'ono wa Azanaki, anathetsa mphamvu za mafumu mu 1963, anakweza Chiswahili kukhala chilankhulo cha aliyense, ndipo boma lake linkatumiza ana ku sekondale zogonera komweko kutali ndi kwawo kuti akakule pamodzi ndi ana a mitundu ina. Kalembera womaliza kufunsa anthu mtundu wawo anachitika mu 1967, pamene kuno kwathu kalembera wa 2018 anatiwerengabe n'kupeza kuti Achewa ndi pafupifupi 34 mwa anthu 100 alionse ndipo Alhomwe ndi pafupifupi 19. Pa nkhani ya khungu, Nyerere anaumirira mu 1961 kuti unzika usatengere maonekedwe a munthu, ndipo nduna zake zinaphatikizapo Amir Jamal wa makolo achimwenye ndi Derek Bryceson wa makolo achizungu. Si kuti Atanzania safunsana mitundu. Amafunsana, makamaka pofuna kuyamba nthabwala zotchedwa utani m'Chiswahili, zimene mitundu ina imaseka nazo inzake, koma yankho lake kawirikawiri silisintha mmene munthu akulandirire, ndipo wamalonda wa ku Blantyre wokagula katundu ku Kariakoo mu Dar es Salaam amafunsidwa dziko lake basi, nkhani n'kuthera pomwepo. Mtengo wa zimenezi unalipo: zilankhulo za makolo sizinapatsidwe malo m'sukulu, ndipo ana ambiri a m'mizinda sazidziwanso. Tisaiwalenso kuti ku Zanzibar, m'chipwirikiti cha 1964, anthu ambiri a makolo achiarabu anaphedwa chifukwa cha chimene anali, choncho mbiri ya dzikolo si yoyera mbali zonse.

Zambia anatenga njira ina, imene kwa ine ndi yochititsa chidwi kwambiri chifukwa anthu ake amafanana nafe zedi, moti Achewa a maiko atatu amakakumana chaka ndi chaka ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Kenneth Kaunda analalikira za Zambia mmodzi ndi fuko limodzi, koma sanafafanize mitundu, ndipo wailesi ya boma inapereka nthawi kwa zilankhulo 7: Chibemba, Chinyanja, Chitonga, Chilozi, Chikaonde, Chilunda ndi Chiluvale. Chimene chimafewetsa funso la mtundu kumeneko ndi chimbuya, chisuweni cha pakati pa mitundu. Ababemba ndi Angoni a Mpezeni, amene anamenyana nkhondo kalekale, lero ndi asuweni, ndipo n'chimodzimodzi Alozi ndi Atonga. Munthu wa ku Chipata akadziulula pamaso pa Mbemba amadziwiratu kuti amunena za kudya mbewa, iyenso abwezera za kudya anyani, ndipo pa maliro asuweni omwewo ndi amene amapaka oferedwa ufa, kuwaseketsa ndi kugwira ntchito za pa siwa. Funso limene likanayambitsa mkangano limakhala khomo la kuseka, ndipo onse awiri amadziwa malire ake.

Koma Zambia yemweyo ndi amene anaonetsa kuti funso la makolo likalowa m'malamulo limaluma koopsa. Mu 1996 malamulo oyendetsera dziko anasinthidwa kuti wopikisana pa upulezidenti akhale woti makolo ake onse awiri ndi mbadwa za Zambia, ndipo aliyense anadziwa kuti akulozedwa ndi Kaunda, amene makolo ake anachokera kuno ku Nyasaland kukagwira ntchito ya mishoni ku Lubwa, kufupi ndi Chinsali. Munthu amene analamulira dzikolo kuyambira 1964 mpaka 1991 anafunsidwa kuti kwawo kwenikweni n'kuti, ndipo mu 1999 khoti linafika ponena kuti si nzika, chigamulo chimene sichinakhalitse. Lamulo lomwelo linakhudzanso Guy Scott, mzungu wobadwira ku Livingstone, amene anagwirizira mpando wa pulezidenti Michael Sata atamwalira mu October 2014 koma sanaime nawo pa chisankho chotsatira. Ndimeyo inachotsedwa mu 2016. Dzikolo lilinso ndi lamulo lolanga munthu wonyoza anzake chifukwa cha mtundu, khungu kapena kochokera, komabe zisankho zake zimaonetsa zigawo momveka bwino monga zathu. Nthabwala zimateteza anthu pa bwalo la macheza, koma sizinalepheretse andale kuwerenga mitundu.

Za Mozambique ndinena mwachidule. Atsamunda achipwitikizi ankagawa anthu akuda pawiri, ochepa amene ankati atengera chikhalidwe cha Chipwitikizi ndi unyinji wotsalawo, ndipo chipani cha Frelimo chitatenga boma mu 1975, Samora Machel anaphunzitsa kuti mtundu uyenera kufa kuti dziko libadwe. Mafumu anakankhidwira pambali, Chipwitikizi chinakhala chilankhulo cha boma, ndipo kutchula mtundu wako pagulu kunkaoneka ngati kubwerera m'mbuyo. Kuletsako sikunachiritse madandaulo a anthu a pakati ndi kumpoto oti zabwino zimathera kummwera, nkhondo yapachiweniweni inapitirira mpaka 1992, ndipo m'chaka cha 2000 boma linayambanso kuzindikira mafumu. Kwa ife a kummwera kuno nkhaniyi ili pafupi, chifukwa makolo a Alhomwe ambiri anaoloka malire omwewo kudzagwira ntchito m'minda ya ku Thyolo ndi ku Mulanje, n'kumatchulidwa dzina lonyoza mpaka pamene Lewis Bandawe ndi anzake analimbana nalo m'zaka za m'ma 1940, ndipo pa nthawi ya nkhondo dziko lino linasunga othawa kwawo oposa 1 miliyoni. Munthu wa ku Muloza amene ali ndi amalume ku Milange akafunsidwa mobwerezabwereza za kwawo kwenikweni, amamva bwino lomwe chimene chikukayikiridwa.

Amalawi amene anapita kutali amadziwa mbali yoopsa ya funsoli kuposa ife otsala. Ana ndi adzukulu a matchona a ku Zimbabwe anakhala zaka zambiri ndi ziphaso zolembedwa kuti ndi alendo m'dziko limene anabadwiramo, mpaka malamulo a 2013 anawatsegulira njira ya unzika. Ku South Africa, pa ziwawa za mu 2008 zimene zinapha anthu 62, magulu achiwembu ankaimitsa munthu n'kumuuza kuti atchule chigongono m'Chizulu, ndipo wolephera ankamenyedwa. Abale athu amene anabwerera pa mabasi nthawi imeneyo sangamve funso la kochokera mmene timalimvera ife.

Ndikaika maikowa pamodzi, ndimaona kuti kupweteka kwa funsoli kumadalira chimene chapachikidwa pa yankho lake. Kumene yankho silikugulira kapena kukulepheretsa kupeza ntchito, malo a sukulu ndi nyumba, anthu amayankha akuseka, koma kumene limatero, ngakhale funso lofunsidwa ndi mtima wabwino limamveka ngati kafukufuku. Njira ya Tanzania ndi imene inagwira ntchito koposa, koma sindikhulupirira kuti tingaitengere lero, pamene Mulhako wa Alhomwe ku Chonde, Umthetho ku Mzimba ndi miyambo ina zakula ndipo anthu akunyadira zilankhulo zawo, chinthu chimene pachokha sindichiona cholakwika. Njira ya Machel yongotseka anthu pakamwa ndi imene ndingaikane. Chimene tingaphunzire kwa Azambia n'chakuti kuseka za mtundu kumakoma pokhapokha ngati mbali zonse ziwiri zili ndi ufulu wobwezera, zimene sizichitika pakati pa bwana ndi wofunsira ntchito.

Choncho wofunsidwa ali ndi ufulu woyang'ana malo ndi munthu. Wachikulire akakufunsani pa maliro, kutchula boma ndi mfunda wanu ndi ulemu, ndipo nthawi zambiri mumatulukapo mutapeza m'bale. Funso likabwerezedwa mutayankha kale, mukhoza kunena mofatsa kuti, "Mayi, ine ndinabadwira konkuno, makolo anga ndi a mbali ziwiri, nanga inu kwanu n'kuti?" popeza munthu wofuna chibale amayankha msanga ndipo nkhani imayenda, pamene wofuna kukuikani m'gulu amaonekera pomwepo. Mwini nyumba kapena wolemba ntchito akafunsa musanagwirizane chilichonse, palibe mwano kufunsa kuti, "Bambo, kodi zimenezi zikukhudzana ndi nyumbayi?" ndipo mmene ayankhire zikuthandizani kudziwa ngati n'koyenera kupitiriza. Amene amafunsidwa za khungu kapena tsitsi lawo sakakamizidwa kufotokoza mmene makolo awo anakumanirana, ndipo kungonena kuti "Ndine Mmalawi, kwathu ndi ku Limbe" n'kokwanira. Ife ofunsa tingachite bwino kuyamba tatchula kwathu, kenako n'kulandira yankho loyamba limene mnzathu wasankha kutipatsa, ngakhale yankholo litakhala lakuti Zingwangwa.