Chigoli tikumachimva tisanachione

Zikundiwawa zedi. Munthu walipira ndalama yako pamalo oonetsera mpira, Arsenal ikukonzekera kumenya kona, ndiye foni ya wina kumbuyoku yalira, LiveScore, pulogalamu ya pa foni yolengeza zigoli, yamuuza kale, basi iye kukuwa kuti "Chalowa!" Ife maso ali pa sikirini, wosewera akadaika mpira pansi.

Chifukwa chake n'chodziwika, zithunzi zodzera pa intaneti zimachedwa pomwe uthenga wa mawu awiri umathamanga. Koma abale, mwabwera kudzaonera kapena kudzawerenga? Kugunda kwa mtima kuja, mpira uli m'mwamba aliyense ataimirira, mwatilanda. Chonde foniyo izikhala m'thumba. Obetcha ndiye anyanya, mphindi 90 zonse mutu uli weramu pa foni, kenaka n'kumatikodola kuti chalowa bwanji.