Kalata ya imfa ya ku Scotland ndi yothandiza, koma wakufa sanailembe yekha

Ndikuona anthu amene ali ndi magazi a ku Scotland akungokopera mndandanda wa makolo umene wina anaika kale pa intaneti, mawa lake n'kuyamba kulengeza kuti agogo awo anali mfumu ya kumapiri. Ine ndimati ayi, yambani ndi kalata ya imfa.

Pa 1 January 1855 boma linayamba kulemba kubadwa, ukwati ndi imfa ya munthu aliyense ku Scotland. Ubwino wa kalata ya imfa ya kumeneko ndi woti imatchula bambo ndi mayi a malemuwo, mayiwo ndi dzina la kwawo lomwe asanakwatiwe. Ya ku England ilibe zimenezi. Ndiye nkhalamba yomwalira mu 1860 ili ndi zaka 80 imakupatsani maina a anthu amene anabereka mwana cha m'ma 1780, boma lisanaganize n'komwe zolemba. Mabuku a mpingo a nthawi imeneyo anasunga bwino ubatizo ndi ukwati, koma maliro mwa apo ndi apo. Kwina mumangopeza ndalama imene anafedwa analipira pobwereka nsalu yofunditsa bokosi, basi.

Koma taganizani amene anapita kwa mlembi kukanena za imfayo. Nthawi zina ndi mwana wamwamuna amene agogo ake aakazi sanawaonepo. Nthawi zina ndi mkamwini, kapena neba. Munthu ali pa chisoni, afunsidwa dzina la mayi a malemuwo, amene anamwalira iye asanabadwe, angotchula limene labwera m'mutu, mlembi n'kulemba ndi dzanja lokongola. Patapita zaka 150 ife tikulitenga ngati uthenga wa m'Baibulo.

N'chifukwa chake kalembera sasiyidwa. Wa 1841 ndiye woyamba kukhala ndi maina a anthu onse a m'nyumba, ngakhale ali ndi msampha wake: zaka za akuluakulu ankazitsitsa, wa zaka 43 n'kulembedwa 40. Wa 1851 ndiye amandisangalatsa, chifukwa amanena ubale wa aliyense ndi mwini nyumba komanso parishi imene anabadwira. Mukalondola banja limodzi mu 1851, 1861 ndi 1871 mumaona ana akuchoka, mayi amasiye akusamukira kwa mwana wawo wamkazi. Kalembera amatsekedwa zaka 100, moti wa 1921 anatsegulidwa mu 2022.

Maina nawo amasokoneza. Mabanja ambiri ankapatsa mwana wamwamuna woyamba dzina la agogo ake akuchimuna, wachiwiri la akuchikazi. Abale anayi akatsatira mwambowu, mudzi umodzi uli ndi a John anayi a mfunda umodzi, zaka zawo zoyandikana. Kalembedwe nako sikanali kokhazikika, Mac pano, Mc apo. Ngakhale David Livingstone, wobadwira ku Blantyre wa ku Scotland mu 1813, poyamba ankalemba dzina lake Livingston, lopanda e kumapeto.

Zonsezi zili pa ScotlandsPeople, tsamba la pa intaneti la National Records of Scotland, ofesi ya boma yosunga zolembedwa ku Edinburgh. Kusaka maina ndi kwaulere, koma kuona chithunzi cha kalatayo mumalipira, choncho musanatsegule John wachitatu yerekezani kaye zaka zake ndi dzina la mkazi wake ndi zimene zili mu kalembera.