Suti ya ejenti si umboni wa ntchito

Masiku ano pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp mwadzaza zotsatsa ntchito za ku maiko a Aluya, zokongoletsedwa ndi zithunzi za nyumba zosanja za ku Dubai, ndipo ndikaona atsikana athu akulemba manambala awo a foni pansi pake mtima umandiwawa kwambiri. Makolo athu anati chikomekome cha nkuyu mkati muli nyerere, ndipo pa nkhani iyi nyererezo tinaziona kale ndi maso athu.

M'chaka cha 2024 wailesi ya BBC inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino. Ena mwa iwo ankaganiza kuti akupita ku Dubai, koma anangozindikira kuti ndege yatera ku Muscat, likulu la dziko la Oman. Atafika analandidwa mapasipoti n'kuperekedwa m'makomo mwa anthu monga antchito apakhomo, kumene ankagwira ntchito kuyambira mbandakucha mpaka pakati pa usiku, ena akumenyedwa, ena akugwiriridwa. Kumeneko kuli dongosolo lotchedwa kafala, limene limamangirira chilolezo cha wantchito kwa bwana wake, kotero kuti munthu akathawa nkhanza amasanduka wolakwa ndi iyeyo, ndipo bwana amafuna kuti abwezeredwe ndalama zimene analipira kwa ejenti asanamumasule. Panafunika khama la mayi Pililani Mombe Nyoni, Mmalawi wokhala ku America, amene anasonkhanitsa amayiwa m'gulu la WhatsApp, pamodzi ndi mabungwe komanso boma la Malawi, kuti amayi oposa 50 abwerere kwawo.

Chimene chimandisautsa ndi chakuti palibe mayi amene anakwera ndege chifukwa cha munthu wooneka woopsa. Wolemba anthu ntchito zoterezi amakhala waukhondo, wovala suti, wolankhula mofatsa ndi mwaulemu, wotchula dzina la Mulungu pafupipafupi, ndipo kawirikawiri amakhala munthu wodziwika, wa kumpingo kapena mnansi wa mnzathu. Amakonza pasipoti mwachangu, amagula tikiti ndi ndalama zake, ndipo ife timati tapeza munthu wachifundo, osadziwa kuti ndalamazo ndi ngongole imene mwana wathu adzabweze ndi thupi lake. Ngakhale zithunzi zimene amatumiza amene anapita kale si zodalirika, pakuti munthu amene anatsanzikana ndi mudzi wonse sangafune kuonetsa misozi yake pa intaneti. Amajambulitsa tsiku limodzi limene wavala bwino, n'kubisa masiku ena onse.

Sindikuweruza amene amapita. Ndikudziwa mtengo wa thumba la chimanga ndi la feteleza, ndikudziwanso kuwawa kokhala ndi satifiketi ya MSCE m'chikwama kwa zaka zambiri popanda ntchito. Koma ife achibale tili ndi mbali yathu pa mlanduwu, chifukwa ndife amene timakankha mwana kuti asazengereze poopa kuti mwayi ungamudutse, maso athu ali pa malata ndi simenti zimene adzatumize.

Dziko lathu lili ndi lamulo loletsa kuzembetsa anthu la m'chaka cha 2015, koma lamulo limagwira ntchito munthu atavulala kale. Mwana wa mchemwali wanga akadzabwera ndi uthenga wotere, ndidzafuna kuona kalata ya mgwirizano wa ntchito yolembedwa m'chilankhulo chimene iye amamva, yotchula dziko, dzina la bwana, malipiro ndi tsiku lopuma. Ndidzafuna kudziwa amene adzasunge pasipoti yake, ndipo ndidzapita naye ndekha ku ofesi ya zantchito ya m'boma lathu kukafunsa ngati ejentiyo akudziwika. Ejenti akadzangoyamba kutifulumizitsa kapena kukwiya ndi mafunso amenewa, mwanayo sadzakwera ndege imeneyo.