Kontena yanu ikamatenga masekondi 10 kuti izime, dziwani kuti ikuchita kuphedwa

Anzanga ogwiritsa ntchito Docker, chida choyendetsera mapulogalamu m'timabokosi tapadera totchedwa makontena, pali chizolowezi chimene chanditopetsa. Munthu walemba docker stop, wadikira, kontena yazima pakatha masekondi 10 ndendende, iye n'kumati zonse zili bwino. Ayi ndithu.

Docker stop imayamba ndi kupempha mwaulemu. Imatumiza uthenga wotchedwa SIGTERM, nambala 15, kwa pulogalamu yoyamba m'kontenamo, ija ya PID 1, ngati kuiuza kuti longedzani, tikutseka. Ikaona kuti masekondi 10 atha pulogalamuyo ili phee, imatumiza SIGKILL, nambala 9. Iyi ilibe zokambirana, palibe pulogalamu imene ingaigwire kapena kuikana. Mukaona exit code (nambala imene kontena imasiya ikazima) 137, ndiyo 128 kuwonjezera 9, dziwani kuti nkhwangwa inadutsa. Ikakhala 143, SIGTERM inamveka.

Ine ndinaphunzira mowawa. Ndinali ndi pulogalamu yolemba maoda mu database, ndipo nthawi iliyonse tikaika version yatsopano, maoda ena ankatsala olembedwa theka. Ndinataya masiku ndikukayikira database, chonsecho vuto linali mu entrypoint script yanga yomwe, malamulo amene amayambitsa pulogalamu kontena ikayaka. Ndinaiwala mawu amodzi okha: exec. Popanda exec, lamulo limene limaika pulogalamu yanu m'malo mwa shell (pulogalamu yoyendetsa script ija), shell ndi imene imakhala PID 1, pulogalamu yanu imakhala mwana wake, ndipo shell ija ikalandira SIGTERM siiuza mwanayo. Uthenga umafera pakhomo. Zomwezi zimachitikanso kawirikawiri mukalemba CMD (lamulo loyambitsa pulogalamu mu Dockerfile, fayilo ya malangizo a kontena) popanda mabulaketi, chifukwa Docker imadutsitsa lamulolo mu /bin/sh -c.

Chinanso chimene ambiri sachidziwa n'chakuti Linux imatenga PID 1 ngati mfumu. Pulogalamu wamba ikalandira SIGTERM imafa ngakhale simunailembere chochita, koma PID 1 yopanda handler, malangizo a chochita uthenga ukafika, imangounyalanyaza uthengawo. N'chifukwa chake kuli tini, pulogalamu yaing'ono imene imakhala PID 1 m'malo mwa yanu, ndipo docker run --init imakuikirani yokha kuti izipereka uthenga kwa ana ake. Komabe handler lembani, pulogalamu isiye kulandira ntchito zatsopano, imalize imene ili m'manja, itseke ma connection, kenaka ituluke.

Si pulogalamu zonse zimafuna SIGTERM. Image yovomerezeka ya nginx imagwiritsa ntchito SIGQUIT, ya PostgreSQL SIGINT, zonse kudzera mu STOPSIGNAL ya mu Dockerfile. Kubernetes, chida choyang'anira makontena ambiri, nayo imapereka masekondi 30, koma mchitidwe wake ndi womwewo.

Amene amandiseketsa kwambiri ndi awa othamangira docker kill, imene imatumiza SIGKILL nthawi yomweyo, chifukwa "stop imachedwa". Ikuchedwa chifukwa pulogalamu yanu ndi yogontha, bwana. Ndiye pali ena amene amaika -t 60 pa docker stop kuti idikire masekondi 60, n'kumadzitama kuti akonza vuto. Ngati SIGTERM siikufika, mwangotalikitsa nthawi yodikira, pakatha mphindi imodziyo SIGKILL ibwerabe, ndipo 137 ija muipeza pomwepo.