Galamala yokha sikukhozetsani mayeso a Chingerezi

Ena mundida nazo izi, koma ndinenabe. Ambiri amene mukukonzekera mayeso a Chingerezi mukuthera nthawi pa mafunso odzaza m'mipata aja chifukwa choti amakoma, osati chifukwa choti akukupititsani patsogolo. Uika "has" apa, "have" apo, uyang'ana mayankho kumapeto kwa buku, wapeza 18 pa 20, basi ukagona mtima uli m'malo. Inenso ndinkatero usiku uliwonse, mpaka ndinayamba kudziona ngati katswiri.

Ndinatsika pamene ndinayesa pepala lakale la IELTS, mayeso a padziko lonse oyesa luso la munthu pa Chingerezi, wotchi ili pambali. Gawo lowerenga lili ndi nkhani zitatu zitalizitali, mafunso 40, mphindi 60 zokha. Palibe pamene akufunsa kuti sankhani mneni woyenera. Nditafika pa mafunso aja oyankha kuti True, False kapena Not Given, ndinalakwa pafupifupi onse, chonsecho mawu ake ndinkawadziwa bwinobwino. Vuto langa linali losakaniza zimene wolemba wanena ndi zimene ineyo ndikudziwa kale pa nkhaniyo.

Chinandichiza ndi mkangano. Tinayamba kukumana anthu anayi, aliyense atawerenga kale nkhani imodzi payekha n'kuyankha mafunso ake. Tsiku lina nkhani inkati mankhwala ena "may reduce" ululu, pomwe funso linkati mankhwalawo amachepetsa ululu nthawi zonse. Ine ndinalemba True molimba mtima. Mnzanga wina, wosayankhulayankhula, anangondikankhira pepala n'kunena kuti, "Tandilozera mzere umene akunena zimenezo." Ndinayendetsa chala kawiri konse, mzerewo osaupeza. Kamawu ka zilembo zitatu, "may", kanali katasintha nkhani yonse. Kamawuka ndinali nditakadzaza m'mipata kambirimbiri, koma kulemera kwake ndinakumva tsiku limenelo nditachita manyazi pamaso pa anzanga. Kuyambira pamenepo ndikaona "some", "most", "rarely" kapena "however" ndimayamba ndaima kaye.

Musandimve molakwa, sindikuti tayani buku la galamala. Ife oganiza m'Chichewa tili ndi maenje athu amene timagweramo tonse. "Iye" wathu sasankha mwamuna kapena mkazi, ndiye pakamwa pakathamanga mayi amasanduka "he". Tilibe "a" ndi "the", ndiye timaziponya mwamwayi. Timati ndakhala pano kuyambira chaka chatha, n'kukalemba "I am here since last year" m'malo mwa "I have been here". Izi sizichoka zokha. Pa gawo lolemba la IELTS ochonga amayang'ana zinthu zinayi zolemera mofanana: ngati wayankhadi funso, ngati mfundo zako zikulumikizana, kuchuluka ndi kuyenera kwa mawu, kenako galamala. Ndiye kuti galamala ndi gawo limodzi mwa anayi. Ndi lalikulu ndithu, koma nanga bwanji tikulipatsa nthawi yonse?

Zimene ndikuona kuti zimathandiza n'zoti buku la galamala lizibwera pambuyo. Tikatha kukambirana, aliyense amalemba ziganizo zisanu zofotokoza nkhaniyo, tisinthana mapepala, mnzako azungulize cholembera pamene wapunthwa. Zolakwazo uzikopere m'kope lakolako. Ukaona kuti cholakwa chimodzi chabwera katatu, pita ukatsegule mutu wake m'buku, uchite mafunso ake mpaka utope. Pamenepo mafunso odzaza m'mipata amagwira ntchito, chifukwa ukuchiza bala limene waliona ndi maso. Cholakwa changa chinali kulemba "discuss about" m'malo mwa "discuss" chabe. Palibe buku limene likanandiuza kuti ndimalemba choncho, anandigwira ndi mnzanga.

Magulu amenewa ali ndi matenda akenso. Mukachuluka, awiri okha ndi amene amayankhula, ena n'kumangogwedeza mutu. Mukawasamutsira pa WhatsApp, pakatha sabata ziwiri mwasanduka anthu otumizirana zoseketsa. Ndipo pamakhala wina wodziwa kuposa onse amene amafuna kupereka yankho ena asanaganize. Ameneyo muzimuuza ayankhe pomaliza.

Pa zoti tizikambirana m'chiyankhulo chanji, ine ndimasiyana ndi amene amaletseratu Chichewa. Timayamba m'Chingerezi, chifukwa pa mayeso oyankhula udzakhala ndi woyesa kwa mphindi 11 mpaka 14 ndipo lilime liyenera kuzolowera. Koma chiganizo chikatikanika, timachimasula m'Chichewa, tigwirizane kuti wolemba akutanthauza chiyani, kenako tibwerere. Munthu amene sangathe kufotokoza ndime m'chiyankhulo chake sanaimve, ngakhale ataiwerenga mokweza ngati wa pa wailesi.

Kope langa la zolakwa lafika tsamba la 9. "Discuss about" ndinathana naye kalekale. Koma "the" adakali pa tsamba loyamba, ndipo dzulo lomweli andizungulizira kawiri.