Pa nkhani ya kompuresa, a ku Mozambique anatiposa ndi soketi

Munthu wofuna kumakonza yekha galimoto pakhomo amayamba ndi masipanala, jeke ndi masikuludiraiva, ndipo zimenezi zimagwira ntchito mofanana kulikonse. Mavuto amayamba akaganiza zogula kompuresa, makina a magetsi opopa ndi kusunga mpweya. Mwezi watha ndinabwera ndi kompuresa ya 2.2 kW (kW ndi muyeso wa mphamvu ya mota), ya thanki ya malita 50, kuchokera ku Mozambique, kumene inalira bwinobwino wogulitsa ataiyesa pamaso panga. Kuno ku Malawi, chiikireni pulagi yathu ya mano atatu, yakhala ikupsereza fyuzi pafupifupi m'mawa uliwonse umene ndaiyatsa, mpaka ndayamba kusunga mafyuzi m'bokosi limodzi ndi mabawuti.

Makinawo alibe vuto, cholakwa ndi pulagi imene tinatengera kwa Angerezi. Pulagi imeneyi inayamba ku Britain mu 1947, ili ndi fyuzi m'kati mwake, ndipo fyuzi yaikulu kwambiri imene imalowamo ndi ya 13 A (A ndi muyeso wa kuchuluka kwa magetsi odutsamo), kutanthauza kuti pa magetsi a 230 V simungapitirire pafupifupi 3 kW. Pongowerenga, mota ya 2.2 kW ikuoneka ngati ikukwanira, koma mota ikamadzuka imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa pamene ikuyenda, makamaka kukazizira oilo atalimba, magetsi akabwera ofooka, kapena chingwe cholumikizira chikakhala chachitali ndi chowonda. Mumangomva motayo ikung'ung'udza kamphindi, kenaka zii. Anzathu a ku Mozambique amagwiritsa ntchito mapulagi a mano obulungira: ya mano awiri ya ku Germany, imene imanyamula 16 A, kapena ya mano atatu onenepa ngati ya ku South Africa. Onsewa alibe fyuzi m'kati, ndipo chitetezo chimakhala pa bokosi lalikulu la magetsi m'nyumba. Pulagi yathu ndi yaikulu ngati njerwa, koma imagonja kwa kapulagi kochepa kotero.

Zotsatira zake n'zakuti Mmalawi wosafuna kuvutika amakakamizika kugula kompuresa ya 1.5 kW ya thanki ya malita 24. Imeneyo imakwanira kupopa matayala, amene pa magalimoto ambiri ang'onoang'ono amafuna pafupifupi 2.2 bar (bar ndi muyeso wa kupanikizika kwa mpweya), ndiponso kuuzira fumbi pa injini. Koma chida cha mpweya chomasulira manati a matayala chimafuna mpweya wa pafupifupi 6 bar wosadukiza, ndipo kompuresa yaing'ono imatha mpweya musanamalize tayala limodzi, n'kukusiyani mutagwada mukudikira kuti thanki idzaze. N'chifukwa chake pogula muziyang'ana malita a mpweya amene makina amatulutsa pa mphindi, osati kukula kwa thanki kokha, pakuti thanki imangosunga, siipanga mpweya.

Ndivomereze kuti pulagi yathu ili ndi ubwino umene sindingaukane. Fyuzi ija imateteza chingwe kuti chisatenthe n'kuyatsa moto, ndipo soketi zathu zili ndi titseko totchinga mabowo, zimene zimathandiza kwambiri pakhomo pamene ana amayendayenda pafupi ndi pokonzera galimoto. Amene amakulunga fyuzi yakupsa ndi waya kapena kapepala konyezimira kuti kompuresa ilire akuika nyumba yonse pangozi, chimodzimodzi amene amatsegula titseko tija ndi sikuludiraiva kuti alowetse pulagi ya mano awiri, chifukwa makina a chitsulo otero amatsala opanda waya wopita pansi. Njira yoyenera ndi kuitana katswiri wa magetsi kuti akoke chingwe chapadera kuchokera pa bokosi lalikulu, aike soketi ya buluu ya 16 A. Komabe zimandiwawa kuti ife tiyenera kuchita zonsezi pamene mnzathu wa tsidya lina amangolowetsa pulagi pakhoma n'kuyamba ntchito.

Pa zida zogwira ndi manja palibe woposa mnzake. Maiko onse awiri, Malawi ndi Mozambique, amayendetsa kumanzere ndipo misewu yake yadzaza magalimoto a ku Japan, choncho masipanala ofunika ndi omwewo: 8, 10, 12, 14, 17 ndi 19, komanso 21 ya manati a matayala pa ma Toyota ambiri. Nambala 13 imafunika kwambiri pa magalimoto a ku Ulaya, ndiye bokosi la masipanala limene mulibe 12 kapena 14 musalitenge ngakhale likunyezimira bwanji. Ku Zambia ndi ku Tanzania pulagi ngati yathuyi ndi yofala, motero vuto la fyuzi tikugawana nawo. Amene mukugula kompuresa tsidya lina mugulire komweko paipi ya mpweya ndi timilomo tolumikizira zida, chifukwa timilomoto tili mitundu ingapo yooneka yofanana koma yosalowana.