Nyumba ya agogo ija tinkaiseka

Abale anga a kuno ku Joni, tikatumiza ndalama kumudzi kuti atimangire nyumba, tonse timafuna zofanana: njerwa zootcha, malata, magalasi aakulu, kakhonde kongokwana mpando umodzi. Ikatha timaijambula n'kuiponya pa WhatsApp. Koma kaloweni m'menemo mu October dzuwa lili paliwombo. Ndi ng'anjo! Amayi amaswera pansi pa mtengo wa mango, nyumba ya mamiliyoni ili chitsekere.

Ine ndimagwira ya zomangamanga chakumpoto kwa Johannesburg. Kumeneko mabwana amalipira ndalama zankhaninkhani kuti tiwafolere ndi udzu tinyumba tochezera panja, ati lapa. Udzu womwewu umene kwathu timati ngwa amphawi.

Nyumba ya agogo anga ku Ntcheu inali ya mdindo. Makoma okhuthala, khonde kuzungulira nyumba yonse, denga lotulukira kunja ndithu kuti mvula isanyambite khoma. Dothi limamwa kutentha masana n'kumakutulutsa pang'onopang'ono usiku. N'chifukwa chake masana munkazizira bwino, usiku wa chisanu n'kumafunda. Amene anagonapo mu mkhukhu wa malata mu June kuno akudziwa kusiyana kwake, safuna kuuzidwa.

Sindikunena kuti tibwerere ku chiswe ndi kudontha, ayi. Tinaona pa namondwe wa Freddy mu 2023 momwe khoma la zidina limasungunukira madzi akalizinga. Dothi limafuna maziko amiyala okwera bwino ndi denga lolitchinga.

Francis Kéré wa ku Burkina Faso anamanga sukulu kumudzi kwawo ku Gando ndi njerwa za dothi zothira simenti pang'ono, malata n'kuwakweza m'mwamba kutali ndi siling'i kuti mphepo izidutsa pakati. Mu 2022 analandira Pritzker, mphoto yaikulu ya akatswiri ojambula nyumba. Konkuno ku Limpopo, nyumba yoonetsera alendo mbiri yakale ya ku Mapungubwe yomwe anajambula Peter Rich inamangidwa ndi timatailosi ta dothi toumbidwa ndi anthu a m'deralo, ndipo mu 2009 inasankhidwa kukhala nyumba yopambana padziko lonse. Ife tili kalikiliki kugwetsa mitengo kuti tiotchere uvuni wa njerwa.

Nyumba yanga ya kumudzi ndauza mmisiri kuti aumbe njerwa zopanikiza pa makina, zosaotcha, khonde likhale lalikulu mbali zonse. Achimwene atamva anaimba foni usiku womwewo, kufunsa ngati ntchito yandithera kuno.